Chikole cha M'zitini

Anthu a m'layini yathu ya nyumba za antchito anaseka mpaka kugwira nthiti tsiku limene Douglas anabwera ndi chikole changa. Anzanga anapatsidwa zitenje, ena mafoni, wina mpaka wotchi yoti mwini wakeyo sankadziwa kuiwerenga. Ine? Zitini ziwiri za penti, m'katimo muli timitengo ta rozi tosafika ndi m'bondo momwe. Douglas amasamalira maluwa kunyumba ya manejala wa esiteti yathu ya tiyi, ndiye anati wandipatsa chimene manja ake amadziwa. Anali marozi aja ang'onoang'ono, duwa lake ngati batani la malaya, lofiira psuu. Bambo anga, a Yesaya, anaziyang'ana zitinizo nthawi yaitali, kenako anati, "Landira mwanawe. Chitenje chimang'ambika." Ndinalandira ndi manja awiri pamaso pa amalume anga ndi mchemwali wake wa Douglas, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense anadziwa kuti Teleza ali ndi mwini wake.

Zimenezo n'za chaka chatha. Chaka chino, chiperoni chili pakati, bambo anagwa m'munda wa tiyi akuyang'anira othyola, ndipo sanadzukenso.

Ndinene zoona, pamaliro sindinalire. Amayi a kutchalitchi ankanditsina m'nthiti kuti ndilireko, anthu angandinene, koma misozi ayi ndithu. Ndinaphika, ndinatunga madzi, ndinalandira alendo. Anthu atabalalika ndinakhalabe chimodzimodzi. Ndinali ngati mkono umene waugonera: ukuuona kuti ndi wako, koma ukautsina sukumva. Chakudya chinalibe kukoma, nyimbo zinali phokoso chabe, ndipo foni ikalira ndinkangoiyang'ana mpaka isiye yokha.

Tsono pa esiteti maliro sathera kumanda. Nyumba za m'layini zimayenda ndi ntchito. Bambo anali kapitawo; ine ndimathyola tiyi nthawi ya mvula yokha, wa sizoni, ndipo wa sizoni sapatsidwa nyumba. Anatiuza mwaulemu kuti pofika kutha kwa Ogasiti tikhale titatuluka. Amalume a Dixon anati tipite kwawo ku Nchilamwela, akatipatsa chipinda chimodzi, ine ndi amayi. Munda wawo ndi woti ukayala mphasa zingapo watha.

Apa ndiye panagona nkhani. Kwathu kuno mwamuna ndi amene amasamukira kwa mkazi, n'kumanga pamenepo, n'kumalima pamenepo. Mayi ake a Douglas, a Fainess, anali atafunsa kale funso lawo: "Mwana wanga akalima pati? Padenga?" Bambo ali moyo ankadziwa kuwayankha, ankawaseketsa mpaka nkhani n'kuzizira. Tsopano wowayankha panalibe, ndipo amene anatsala akuukoka ukwati wanga kuti usagwe anali Douglas yekha.

Komanso panali Sellah. Ameneyu ndi mwana wa a Doris, oyandikana nyumba ndi a Fainess kuseri kwa msika wa Luchenza. Amaimba kwaya imodzi ndi Douglas, ndipo mayi ake ali ndi munda wa nthochi ndi nandolo wotsetsereka mpaka kumtsinje. Mtsikanayo akamayenda umachita kuona kuti munda wonsewo wausenza m'chiuno.

* * *

Lamulungu lina Douglas anatulukira atavala malaya ake oyera a kwaya. Ananyonyomala kupereka moni kwa amayi, amayi n'kunyamula mpando wawo kupita kuseri kuti atipatse mpata. Iye sanakhale pansi. Maso ake anapita pakhonde, pamene panali zitini.

"Tele, maluwawa umawaona?"

"Ndimawathirira."

"Sindikunena za madzi. Tagwira tsamba ili."

Ndinagwira. Linandimata kuzala ngati pamene mwana wadyerapo nzimbe. Ndipamene ndinaona kuti masamba onse akunyezimira, simenti ya pansi pa zitini nayonso yomata, ndipo masamba a m'munsi ada bii ngati apakidwa mwaye.

"Mayo ine," anatero Douglas chapansipansi. Anatembenuza kansonga kamodzi. "Taona kuno."

Kuseri kwa masamba ndi pakhosi pa timaluwa tosamasula panali tinsabwe tobiriwira, tothithikana, tina tili ndi mapiko. Nyerere zinkakwera ndi kutsika m'thunthu osapumula.

"Tizilomboti timayamwa madzi a mtengo," anatero, "ndiye timatulutsa timadzi ta shuga. Ndi timene tikumatati. Chakudachi ndi chuku, chimamera pa shugayo. Ndipo nyererezi usazione ngati zongodutsa, ndi eni khola. Zimaweta nsabwezi ngati mbuzi kuti zizimwa shugayo. Ukapha nsabwe n'kusiya nyerere, mawa zikatenga zina n'kudzazikhazika pomwepo."

"Oo."

"Oo basi?"

"Nanga ndinene chiyani?"

Anapinda manja a malaya n'kundituma beseni, kachidutswa ka sopo wochapira ndi kansanza. Anasungunula sopo pang'ono m'madzi, kenako anagwada pa simenti ndi thalauza la kutchalitchi lomwelo, n'kuyamba kutsuka tsamba limodzilimodzi, pamwamba ndi kuseri. Pansonga ankafinya tinsabweto ndi chala chachikulu mpaka chalacho chinabiriwira. Masamba akuda kwambiri anawathothola n'kuwaponya pamoto. Atatha anatsukuluza ndi madzi oyera, n'kuzunguliza zitini zonse ndi phulusa la pambaula.

"Phulusali n'la nyerere, lisaduke. Sopo asachuluke, amawotcha masamba. Usatsuke dzuwa lili pamutu, uzitsuka m'mamawa kapena likapendeka. Ndipo kamodzi sikokwanira, zimaswana msanga izi. Ukaona zayambanso, bwereza. Wamva?"

"Ndamva."

Anakhala pa njerwa n'kumapukuta manja. Ndinkamuyang'ana mwamuna uja, mutu wometa bwino, zipsera za minga m'manja, ndipo ndinkadziwa kuti ameneyu ndi amene ndinkamudikira pa siteji ya Luchenza mpaka makondakitala kuyamba kundiseka. Ndi amene anandiimitsa koyamba m'kanjira ka m'tiyi, dengu lili kumsana, n'kuiwala zimene amafuna kunena. Zonsezo ndinkazidziwa, koma kudziwa kwake ngati kwa zinthu zoloweza kusukulu.

"Mayi awauza amalume anga kuti asapite kaye kwa a Dixon kukakamba za ukwati wathu," anatero. "Akuti tidikire, tione kumene mukagwere. Ine ndikukangana nawo tsiku ndi tsiku, Tele. Ndawauza kuti ngakhale nyumba ya renti ku Luchenza tikhala. Akuti mkamwini wa renti sanamuonepo chibadwire. Dzulo sindinadye kwathu chifukwa cha nkhani yomweyi."

"Pepa."

"Sindikufuna pepa. Ndikaimba suyankha. Ndikalemba meseji yaitali, iwe 'eya'. Ndikumenya nkhondo, koma sindikudziwa ngati amene ndikumumenyerayo akundifunabe. Tandiuza. Ukundikondabe?"

Mtsikana wanzeru akananama. Akanangoti eya, n'kumugwira dzanja, nkhani n'kutha. Ine ndinafufuza m'kati mwanga bwinobwino, ndipo ndinamuuza zimene ndinapeza.

"Douglas, panopa sindikumva kanthu. Njala sindiimva, chisoni sindichimva."

"Ngakhale ine?"

"Ngakhale iwe."

Anayang'ana madzi a sopo m'beseni. Kenako anadzuka, anatsitsa manja a malaya n'kumanga mabatani onse. Anapita kuseri kukatsanzika amayi. Podutsa pamene ndinali anangoti, "Usaiwale phulusa."

* * *

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. M'mawa wina ndinatsuka monga anandionetsera, ndipo kwa masiku angapo masamba anaonekako ngati a rozi. Koma mphepo ya Ogasiti pa esiteti ilibe chisoni. Phulusa linauluka, lotsala amayi analisesa osadziwa, ndipo nyerere zinabwerera ndi ziweto zawo. M'nyumba munali makatoni ndi matumba okhaokha, tikulongedza zaka zonse za bambo: magambutsi awo, jasi la mvula, wailesi yomangidwa ndi mphira. Ndinkadutsa pakhonde ndi katundu kumutu, kuona masamba akunyezimiranso, n'kunena kuti mawa.

Mameseji a Douglas anafupika. "Wadzuka?" "Eya." "Watsuka?" "Eya." Tsiku lina analemba kuti adona, akazi a manejala, amutenga kupita ku Mulanje kukakonza maluwa kunyumba ya anzawo, akakhalako masiku angapo. Ndinawerenga, ndinalemba kuti uyende bwino, kenako ndinaiwala kutumiza.

Joan, mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, anandipeza ndikutsuka mbale. Anandiika foni yake pamphuno.

"Iwe, taona sitetasi ya Sellah."

Chinali chithunzi: Sellah ndi a Fainess pakhonde, mitu itagundana, akusenda nandolo. Pansi pake analemba kuti, "Ndi mayi anga achiwiri."

"Ukungoyang'ana? Ndikanakhala ine, bwenzi pano ndili pa kabaza ndikukam'zula wigi wakeyo!"

"Chithunzi chabwino," ndinatero, ndipo ndinkanena zoona.

"Teleza, ukudwala iwe. Mwamuna akum'phikira mkhwani wotendera uko, iwe uli pano ndi mbale." Anayang'ana zitini n'kukwinya mphuno. "Ndipo zimaluwa zakozi zikutiitanira nyerere mpaka m'shuga mwathu. Bwanji osangopempha mankhwala kwa anyamata opopera tiyi, upopere kamodzi zithe?"

"Ena mwa mankhwala aja ndi opha udzu. Douglas anandiletsa kalekale."

"Ndiye za maluwa umamumvera, koma foni yake suyankha." Anatsonya n'kubwerera kwawo.

* * *

Kutatsala masiku ochepa kuti tisamuke, amayi anapita ku Nchilamwela kukazira chipinda chija. Ine ndinatsala ndikumanga katundu. Nditafika pa zitini ndinaima. Marozi anali ataipa zenizeni. Timaluwa tinafota tisanamasule, nsonga zinapiringizika, masamba achikasu anali mbwee pansi. Nditagwedeza kanthambi panauluka tintchentche toyera tating'ono ngati ufa, tomwe poyamba panalibe. Zala zanga zinamatirana.

Ndinaganiza chinthu chimodzi chokha, ndipo chinaoneka chanzeru: awa afera m'manja mwanga. Mwana akadwala umapita naye kwa dokotala, ndipo dokotala wa maluwa ndi Douglas. Ndikawasiye kwawo, akabwera ku Mulanje awapeze, awachiritse, ine ndidzawatenga tikakhazikika. Basi. Sindinaganize china chilichonse, ndipo amene akufuna kunditchula chitsiru anditchule, amayi anayamba kale.

Ndinaika zitini m'beseni, ndinamanga ndi chitenje, n'kutsika kumsewu kukakwera kabaza. Wakabaza anadandaula njira yonse kuti nyerere zikum'kwera kumsana.

Ndinawapeza atatu pakhonde, a Fainess, a Doris ndi Sellah, lichero la nandolo lili pakati. Ndinagwada n'kupereka moni m'Chilomwe monga a Fainess amakondera. Anayankha osandiyang'ana, maso ali pa beseni.

"Douglas kulibe."

"Ndikudziwa, amayi. Ndangobwera ndi maluwawa. Agwidwa nsabwe, ine ndalephera kuwasamala, ndiye ndimati..."

"Dikira." Anadzuka, anapukuta manja pachitenje, n'kuima patsogolo panga. "Awa si aja anakupatsa Douglas?"

"Ndi omwewo."

"Wanyamula wekha kuchokera kwanu?"

"Eya."

"Alipo wakutuma? Alipo wakukakamiza?"

"Ayi, amayi."

"A Doris, mukumva?"

"Tikumva, tikuona," anatero a Doris. Sellah anali atasiya kusenda, nandolo ili m'manja.

A Fainess anawerama n'kulandira zitinizo ndi manja awiri, china kenako chinzake, n'kuzikhazika pakhomo penipeni. Ndinayambanso kufotokoza za nyerere ndi phulusa, kuti Douglas akabwera awatsuke, koma anandidula mokoma.

"Zifukwa n'zako, mwanawe, sitikufunsa. Ife talandira. Wachita zaulemu kubwera wekha, ena amangotumiza ana."

Kwa nthawi yoyamba chidziwanireni, mayi aja anandimwetulira. Anandipatsa phava la nthochi kuti ndidye m'njira, n'kumuuza Sellah kuti andiperekeze kumsewu. Sellah anandinyamulira beseni, chinthu choti sanachitepo.

"Chemwali," anatero tikudikira kabaza, "sopo wake amakhala uti, wochapira kapena wosambira?"

Ndinamuphunzitsa zonse. Sopo wochapira, pang'ono pokha. Tsamba limodzilimodzi, pamwamba ndi kuseri. Osatsuka dzuwa lili pamutu. Phulusa lisaduke. Ankagwedeza mutu ngati mwana wa kalasi, mpaka kundibwerezetsa za phulusazo. Ndinabwerera kunyumba ndikudya nthochi, ndikuganiza kuti kani anthu aja ndi abwino, Joan amangowanenera.

* * *

Amayi anafika dzuwa litapendeka, dothi lili m'zikhadabo. Anamwa madzi, anakhala pakhonde, kenako maso awo anagwera pa timizere tiwiri tozungulira ta dzimbiri pa simenti.

"Maluwa ali kuti?"

Ndinawauza. Kapu inawapulumuka m'manja.

"Unapereka m'manja mwa ndani?"

"Mwa a Fainess."

"Panali ndani?"

"A Doris ndi Sellah."

"Mayo! Mayo ine, a Yesaya mwandisiyira zotani!" Anadzimenya pantchafu. "Teleza, m'mutu mwakomo muli phala? Chija kwa iwe ndi maluwa? Chija n'chikole! Mtsikana akasenza chikole yekha, n'kukachitula pakhomo pa mayi wa mwamuna, mboni zili pomwepo, ndiye kuti wanena chiyani?"

Mwambo umenewu ndimaudziwa kuyambira ndili wamng'ono. Ndinaonapo atsikana akubweza zitenje, wina anabweza foni ndi chaja chomwe. Koma chitenje sichigwidwa nsabwe, foni sifota. Ine ndinanyamula odwala, a Fainess analandira chibwenzi chakutha, ndipo pa awirife amene mudzi ukanamumvera ndi iwowo.

Ndinatenga foni. Munali meseji imodzi ya Douglas, yofika masana: "Mayi andiimbira. Ukanangomaliza kundiuza pamaso tsiku lija, unali utayamba kale." Ndinaimba, foni yozima. Ndinaimbanso, yozima. Ndinalemba zonse, za nsabwe, za tintchentche toyera, za kusamuka, koma meseji inangokhala ndi kachongi kamodzi, osafika.

"Ukulira?" anafunsa amayi.

"Ayi."

"Bola ukanalira," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Ndikanathamangira ku Luchenza m'mawa mwake, koma kunacha banja la kapitawo watsopano lili kale pabwalo ndi mabedi awo. Anafika msanga, ana atakhala pa matumba akutiyang'ana. Tinasamuka tsiku lomwelo, ndipo lotsatira lake linathera kupanikiza katundu wa nyumba yonse m'chipinda chimodzi.

Amalume a Dixon atamva nkhaniyo sanakalipe. Iwo sakalipa, amangokuyang'ana mpaka udzimve kuchepa.

"Chinapita ndi miyendo yako," anatero, "chibwere ndi miyendo yako. Ukachitenge ankhoswe awo asanakhale pansi ndi munthu wina. Chikakhala m'manja mwako, ine ndili ndi poyambira kulankhula. Chikapanda kubwera, usadzandifunse kanthu."

* * *

Ndinafika ku Luchenza m'mawa wa Lachisanu. A Fainess ndinawapeza akumanga duku pakhonde. Zitini zanga zinali pambali pa bafa, zotsukidwa bwino, zovundikiridwa pansi, zopanda kanthu.

"Amayi, ndabwera kudzatenga maluwa aja. Sitinamvane bwino tsiku lija."

"Zitini ndi izo, tenga. N'zabwino kutungira madzi."

"Nanga maluwa?"

Analoza ndi mlomo kumpanda wa a Doris, n'kutseka chitseko, n'kutuluka ulendo wawo.

Chipata cha a Doris chinali chotsegula. Douglas anali pakati pa bwalo, atavala vesiti, khasu lili m'manja. Patsogolo pa khonde anali atagaula kabedi kozungulira n'kuthiramo manyowa, ndipo marozi anga awiri anali m'nthaka. Nsonga zonse zodwala anazidulira, masamba otsala anali oyera, onyowa, osamata. Phulusa linazungulira osaduka. Sellah anagwada pambali pake atagwira beseni la madzi a sopo, atavala diresi loti munthu sagwira nalo ntchito. Pampanda panali mitu ya azimayi oyandikana nawo, akuonerera.

Pamenepo ndipamene chinandibaya. Sindinachiyembekezere. Chinayambira pansi pa nthiti, chowawa, chotentha. Ndinkam'konda mwamuna uja. Ndinkam'konda koopsa, ndipo ndinazizindikira nditaima pachipata cha mkazi wina.

"Douglas."

Anatembenuka. Maso ake anali ofiira, ndevu zosameta.

"Wabwera kudzatani? Watsala ndi china choti ubweze?"

"Sindinabweze kanthu. Anadwala, ndinalephera, tinkasamuka. Ndinabwera nawo kwa iwe kuti uwachiritse. Ndinawauza mayi ako, a Doris anamva, Sellah anamva. Sopo ali m'besenimo ndinam'phunzitsa ndine. Yatsa foni yako uwerenge."

Anayang'ana Sellah. Sellah anayang'ana m'beseni.

"Unati sukumva kanthu za ine."

"Sindinkamva kanthu za munthu aliyense! Bambo anga anamwalira, Douglas. Koma panopa ndikumva, ndipo zikundipweteka. Ndimakukonda, wamva? Nanga iweyo ukutani pano?"

Anayang'ana khasu ngati akuliona koyamba.

"Mizu inali itadzaza zitini, n'chifukwa chake nsabwe sizinkatha. Mtengo wofooka sulimba. Amafunika nthaka. Kwathu mbuzi zikanawadya, ndiye Sellah anati kuno kuli mpanda. Ine ndimangofuna asafe, Tele. Ndinati ngakhale mwini wake wawakana, iwowa sanalakwe. Sindinaganize..."

"Nanenso sindinaganize."

Tinayang'anana, zitsiru ziwiri za maluwa. Tikanakhala awiri mwina tikanaseka. Ndinalowa m'bwalo, ndinagwada pa kabedi kaja, n'kuzika zala m'dothi kuti ndifukule ndi mizu yomwe.

"Chotsa manja ako pamenepo."

Anali a Doris, atatuluka m'nyumba atavala chitenje chatsopano. Sanakweze mawu.

"Amayi, ndi chikole changa."

"Chinali chako chili m'chitini. Unachitula wekha, ine ndikuona ndi maso angawa. Tsopano chili m'nthaka ya mayi anga, ndipo chobzalidwa pano sichizulidwa ndi mlendo." Anatembenukira kwa Douglas, mawu n'kufewa. "Ndipo iwe mwana wanga, usachite manyazi. Wagwira khasu pakhomo panga kuyambira m'mamawa, anthu onsewa akuona. Kuno kwathu mnyamata salima pakhomo pa mayi wa mtsikana ngati waganyu. Ife tamva zimene wanena."

"Amayi, ine sindinanene kanthu," anatero Douglas.

"Khasu lanena."

Azimayi a pampanda anaseka, wina mpaka kuyamba kanthungululu n'kukameza. Douglas anaponya khasu pansi. Anatsegula pakamwa, ndipo ine ndinadikira, mawondo ali m'dothi, kuti atchule dzina langa pamaso pa anthu onsewo.

"Odi kuno! Eni khomo alipo?"

Tonse tinacheukira kuchipata. Anali amalume ake a Douglas, nkhoswe yake, atavala jekete ndi tayi tsiku la Lachisanu, a Fainess ali pambuyo pawo. Mkuluyo anandilambalala ngati chitsa, anavula chipewa, n'kuwafunsa a Doris kuti amalume ake a Sellah angawapeze kuti.